Mafunso ndi mayankho: kuthandiza ana amasiye, amayi amasiye ndi mabanja osauka a ku Afghanistan

Mwezi wa Ramadhan ukamayandikira, kapena kukangomveka kuti kwachitika chivomezi china ku Afghanistan, mafoni amadzaza ndi zithunzi za ana ovala nsanza ndi mauthenga opempha ndalama. Anthu ambiri amafuna kuthandiza, koma amakhala ndi mafunso, ndipo mafunsowo ndi oyenera. Ndasonkhanitsa amene ndimawamva kawirikawiri. Ena ndawayankha mwachidule, ena ndachedwapo dala chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Paja nkhondo inatha. Thandizo likufunikiranji?

Mfuti zinachepa kulira, zimenezo n'zoona. Koma tangowerengani zaka. Asilikali a Soviet Union analowa m'dzikomo mu Disembala 1979, n'kuchoka mu Febuluwale 1989. Atachoka, magulu a eni dziko anayamba kumenyana okhaokha mpaka mbali yaikulu ya mzinda wa Kabul inasanduka mabwinja. A Taliban analanda Kabul mu 1996. Mu Okutobala 2001 kunabwera asilikali a America ndi anzawo, nkhondo n'kupitirira zaka zina 20, mpaka pa 15 Ogasiti 2021 pamene a Taliban analowanso mu Kabul. Munthu wobadwa nkhondo ikuyamba lero ali ndi zidzukulu. Pali agogo amene anaika m'manda mwamuna wawo pa nkhondo yoyamba, mwana wawo pa yachiwiri, ndipo pano akulera ana a mwanayo.

Nkhondo itatha, kunagwa vuto lina. Boma lakale linkayendera ndalama zakunja: pa ndalama zinayi zilizonse zimene linkagwiritsa ntchito, pafupifupi zitatu zinkachokera kwa mayiko othandiza. Zimenezo zinaima mwadzidzidzi. Ndalama za banki yaikulu ya dzikolo zokwana madola pafupifupi 7 biliyoni zinatsekeredwa ku America. Aphunzitsi, anamwino ndi apolisi anakhala miyezi osalandira malipiro. Pamwamba pa izi panabwera chilala cha zaka zotsatizana, chivomezi cha ku Paktika mu Juni 2022, cha ku Herat mu Okutobala 2023, madzi osefukira ku Baghlan mu Meyi 2024, ndi chivomezi cha ku Kunar pa 31 Ogasiti 2025 chimene chinapha anthu oposa 2,000. Bungwe la United Nations linati mu 2025 anthu pafupifupi 23 miliyoni, theka la dziko lonse, ankafunika thandizo kuti akhale ndi moyo.

Ndiponso nthaka yenileniyo ikadali ndi nkhondo m'mimba mwake. Mabomba okwirira ndi zipolopolo zosaphulika zikuphabe anthu, ndipo ambiri mwa ovulala ndi ana amene amakatola zitsulo zoti agulitse kapena amene ali kubusa.

Akamati mwana wamasiye kumeneko amatanthauza chiyani?

Mawu amene amagwiritsa ntchito ndi akuti yatim, ndipo amatanthauza mwana amene bambo ake anamwalira iye asanakule. Mayi ake akhoza kukhala kuti alipo. Ichi n'chofunika kuchimvetsa, chifukwa ambiri mwa ana amene mumawaona pa zithunzi ali ndi mayi, ali ndi azing'ono ndi azikulu awo, ali ndi pakhomo. Chimene chinapita ndi dzanja limene linkabweretsa ufa. Ndiye mukamva kuti "thandizani mwana wamasiye," dziwani kuti kumbuyo kwa mwanayo kuli mayi amene akulimbana ndi kudyetsa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi. Chiwerengero chimene mabungwe amatchula kawirikawiri ndi chakuti amayi amasiye m'dzikomo alipo pafupifupi 2 miliyoni. Ambiri ndi achichepere ndithu, chifukwa anakwatiwa ali atsikana ndipo amuna awo anafa ali anyamata.

Bwanji mayi wamasiyeyo sangodzigwirira ntchito ngati mmene amayi amachitira kulikonse?

Funso ili ndi limene ndimafuna anthu alimvetsetse kuposa ena onse.

Ife tinazolowera kuti mwamuna akamwalira, mayi amamanga chitenje m'chiuno, n'kuyamba geni ya mandasi, kapena kukapikula tomato, kapena kupita kuganyu. Ndi moyo wowawa, koma chitseko chimakhala chotsegula. Ku Afghanistan chitsekocho anachitseka ndi malamulo, limodzi ndi limodzi.

Mu Disembala 2021 kunatuluka lamulo loti mkazi asayende ulendo wopitirira makilomita 72 popanda mwamuna wachibale womuperekeza, amene amamutcha mahram. M'madera ambiri oyang'anira malamulowa amafunsa za woperekezayo ngakhale pa ulendo waufupi, pokwera galimoto kapena popita kuchipatala. Amayi ambiri amene ankagwira ntchito m'boma anauzidwa kuti akhale kunyumba. Atsikana saloledwa kupitirira kalasi ya 6. Mu Disembala 2022 mayunivesite anatsekedwa kwa akazi, ndipo pa 24 mwezi womwewo akazi analetsedwa kugwira ntchito m'mabungwe omwe si aboma. Mu Julayi 2023 anatseka malo okonzera tsitsi la akazi, amene ankadyetsa mabanja ambirimbiri oyendetsedwa ndi amayi. Mu Disembala 2024 anaimitsanso maphunziro a uzamba ndi unamwino kwa akazi.

Tsono taganizirani mayi amene alibe mwamuna, bambo ake anamwalira, mchimwene wake anathawira ku Iran, ndipo mwana wake wamwamuna wamkulu ali ndi zaka 8. Lamulo likuti azituluka ndi mwamuna. Mwamunayo ndi amene anafa uja. Kamnyamata ka zaka 8 kaja ndi kamene kamasanduka womuperekeza, n'kukhalanso wosaka chakudya.

Chimene chimatsala ndi ntchito za m'nyumba: kusoka, kupeta, kuluka makapeti, kuchapa zovala za anthu ena, kuswa mtedza wa amalonda. Malipiro ake ndi ochepa zedi. Zikakanika, mayi amavala chadari, chovala cha buluu chija chophimba thupi lonse ndi nkhope yomwe, n'kupita kukakhala pansi panja pa malo ophikira buledi dzuwa likamalowa. Ku Kabul amakhala mzere, ena ndi makanda pamwendo, osalankhula kanthu. Munthu wogula buledi wake akakhala ndi mtima, amalipira buledi wina khumi, wophikayo n'kutuluka kudzawagawira. Bulediyo ndi wopyapyala, wautali ngati mkono, amamutcha naan. Mayi akapeza awiri kapena atatu amawapinda m'kati mwa chovala chija n'kumapita. Chakudya cha usiku ndi chimenecho, ndi tiyi wopanda shuga.

Ndisakupatseni chithunzi chakuti amayiwa ndi ongokhala. Pa phiri lina cha kummawa kwa Kabul pali malo otchedwa Zanabad, kutanthauza kuti mudzi womangidwa ndi akazi. Amayi amasiye anayamba kumanga pamenepo okha nyumba zadothi, nthawi zambiri usiku poopa kuti awagwetsera, ndipo wobwera kumene ankalandiridwa ndi anzake amene anafika kale. Mphamvu ali nazo. Chimene akusowa ndi chilolezo ndi mpamba.

Nanga achibale a malemu mwamuna wake sathandiza?

Ena amathandiza ndi mtima wonse, koma nawonso ali mu umphawi womwewo. Kwina thandizolo limabwera ndi chingwe. M'madera ambiri akumidzi mwambo umafuna kuti mayi wamasiye akwatiwe ndi mlamu wake, zofanana ndi chokolo chimene tikuchidziwa. Akakana, kapena akafuna kukwatiwa kwina, akuchimuna akhoza kumulanda ana, chifukwa ana amawerengedwa kuti ndi a kwa bambo. Ambiri amangopirira kuti asasiyane ndi ana awo.

Pa nkhani ya chuma, chiphunzitso cha Chisilamu n'chomveka: mkazi wamasiye amene ali ndi ana amalandira gawo limodzi mwa magawo 8 a chuma cha mwamuna wake, wopanda ana gawo limodzi mwa anayi. Koma kulemba ndi kwina, kuchita ndi kwina. Munda umatsala m'manja mwa alamu. Amayi ambiri alibe ngakhale tazkira, chiphaso cha unzika, ndiye kukadandaula kubwalo kapena kulembetsa thandizo kumavuta.

Kodi sikwabwino kumanga nyumba zosungirako ana amasiye?

Ine ndimati ayi, kupatula kwa mwana amene alibiretu aliyense. Nyumba zotero zilipo, za boma ndi za anthu, ndipo bungwe la Afghan Red Crescent lili ndi malo otchedwa marastoon osungirako anthu osowa pogwira. Koma ana ambiri amene amapezeka m'nyumba za amasiye ali ndi kholo lamoyo limene linawapereka chifukwa cha njala basi. Ndalama yomangira mpanda, kulipira alonda ndi ophika, ikanapatsidwa kwa mayi bwenzi mwanayo akugona pambali pa mayi ake. Nyumba yooneka bwino pa chithunzi imakopa opereka, koma mwana sasowa nyumba, amasowa kuti mayi ake akhale ndi chomudyetsa.

Mwana akakhala kwawo koma pakhomo palibe ndalama, ndiye amapita kumsewu. Ku Kabul anyamata amapukuta nsapato, amatola mapulasitiki oti akasonkhere moto, ena amayenda pakati pa magalimoto ndi kachitini kofuka utsi wa mbewu zotchedwa espand, zimene anthu amakhulupirira kuti zimachotsa tsoka, n'kumapempha kandalama. Ena ali kumauvuni a njerwa kumene banja lonse limagwira ntchito pobweza ngongole. Atsikana ndi amene ali pa ngozi yaikulu: njala ikafika povuta, mabanja ena amalonjeza mwana wamng'ono ku ukwati kuti alandire chiwongo. Bungwe la Aschiana, limene linayamba ku Kabul mu 1995, linakhazikitsidwa chifukwa cha ana ogwira ntchito mumsewu amenewa, kuti azipezako chakudya ndi maphunziro.

Ndingathe kutenga mwana mmodzi n'kumulera kwathu?

Ayi. Malamulo a dzikolo salola kuti mwana asinthidwe dzina la bambo ake n'kukhala wa banja lina. Chimene chimaloledwa ndi kumuyang'anira, ndipo zimenezo sizichitika pa intaneti. Aliyense wokulonjezani mwana posinthana ndi ndalama ndi wakuba, mwinanso wogulitsa anthu.

Ndalama yanga imakagula chiyani kwenikweni?

Choyamba ndi chakudya: thumba la ufa wa tirigu, mafuta ophikira, nyemba kapena mphodza, mchere. Mabungwe ambiri masiku ano amapereka ndalama m'manja, chifukwa m'misika chakudya chimapezeka, chosowa ndi chogulira. Mayi amadziwa yekha ngati mwezi uno chofunika ndi lendi, mankhwala kapena ufa. Kwa ana onyentchera, zipatala zimapereka chiponde chomwe chija cha m'timapaketi chimene timachiona m'zipatala zakwathu.

Chachiwiri ndi moto, ndipo apa ife a kumalo otentha tiyenera kuima pang'ono. Chisanu cha kumeneko si cha mu Juni chimene timangofunda bulangete lachiwiri. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kumagwa chipale chofewa, misewu ya kumapiri imatsekeka, midzi ina imakhala miyezi osafikika. Mu Januwale 2023 kunazizira mpaka kutsika kupitirira madigiri 30 pansi pa ziro m'madera ena, anthu oposa 150 anafa, ziweto zikwizikwi zinafera m'makola. Banja losauka limadalira sandali: kathebulo kakafupi, pansi pake mbaula ya makala, pamwamba bulangete lalikulu. Onse amalowetsa miyendo pansi pa bulangetelo, ndipo amadya, kucheza ndi kugona pomwepo. Makala akatha amawotcha mapulasitiki ndi nsapato zakale, ana n'kudwala chibayo. N'chifukwa chake thandizo la nkhuni, malasha ndi mabulangete liyenera kufika mu Okutobala kapena Novembala, misewu isanatsekeke. Wopereka mu Januwale ataona zithunzi za chipale amakhala atachedwa kwa ena.

Chachitatu ndi mpamba: makina osokera, nkhuku zoikira, mbuzi kapena nkhosa, ulusi wa kapeti. Izi ndi zimene mayi angachite ali pakhomo popanda kulimbana ndi lamulo la woperekeza.

Kodi ndalamazo sizikathera m'thumba la a Taliban?

Ndikanama nditati palibe kangachepe kamene kamawafika. Iwo ndiwo akulamulira. Bungwe lililonse logwira ntchito m'dzikomo limalembetsa kwa iwo, limalipira misonkho, ndipo pakhala madandaulo oti akuluakulu ena m'maboma amakakamiza kuti abale awo alembedwe pa mndandanda wa olandira. Mabungwe akuluakulu akhala akuimitsa kugawa m'madera ena zoterezi zikachitika.

Koma thandizo la chakudya ndi mankhwala siliperekedwa ku boma lawo. Mu Disembala 2021 nthambi ya zachitetezo ya United Nations inavomereza chigamulo nambala 2615, cholola kuti thandizo lopulumutsa moyo lizilowa ngakhale atsogoleri a Taliban ali pa zilango. Limadutsa m'mabungwe monga WFP (nthambi ya United Nations yoona za chakudya), UNICEF ndi Red Cross mpaka kwa olandira. Kuleka kuthandiza sikugonetsa ndi njala mtsogoleri aliyense ku Kandahar, mzinda umene kumakhala mkulu wa a Taliban. Wogona ndi njala ndi mayi uja wa panja pa buledi.

Mabanki akuvuta, ndiye ndalama zimalowa bwanji?

Mabanki ambiri akunja amaopa kutumiza ndalama ku Afghanistan ngakhale lamulo likulola. N'chifukwa chake kuyambira kumapeto kwa 2021 United Nations inayamba kutumiza madola enieni pa ndege, n'kumasungitsa ku banki yomwe si ya boma ku Kabul. Mabungwe ang'onoang'ono ndi anthu wamba amadalira hawala: umapereka ndalama kwa wamalonda ku London kapena ku Dubai, iye amauza mnzake ku Herat, mnzakeyo amapereka kwa wolandira mu ndalama ya kumeneko yotchedwa afghani, awiriwo n'kudzawerengerana pambuyo pake. Njirayi ndi yakale ndipo imayendera kukhulupirirana. Kwa munthu wosadziwa aliyense kumeneko si njira yoti ayesere yekha.

Ngati akazi analetsedwa kugwira ntchito m'mabungwe, ndani amafika kwa mayi wamasiye?

Apa ndi pamene thandizo limapambanira kapena kulepherera. Pa chikhalidwe cha kumeneko mwamuna wachilendo sangalowe m'nyumba ya mayi amene ali yekha, sangamufunse mavuto ake, nthawi zina ngakhale dzina lake. Ngati gulu lolemba maina ndi la amuna okhaokha, limakumana ndi akuluakulu a m'mudzi, amene ndi amuna, n'kulemba mitu ya mabanja, imene ndi amuna. Nyumba yopanda mwamuna imadumphidwa, pomwe ndi imene ili ndi njala kuposa zonse.

Lamulo la Disembala 2022 litatuluka, Save the Children, CARE, Norwegian Refugee Council ndi International Rescue Committee anaimitsa ntchito, kunena kuti popanda akazi sangathe kufikira akazi. Anayambiranso pang'onopang'ono atapatsidwa chilolezo pa ntchito za umoyo ndi zina za maphunziro. Mu Epulo 2023 chiletsocho chinafikanso kwa akazi a ku Afghanistan ogwira ntchito ku United Nations. Kuyambira pamenepo zinthu zimayenda mokambirana, boma ndi boma, mudzi ndi mudzi. Mabungwe ena amalipirira wantchito wamkazi ulendo pamodzi ndi mwamuna wake kapena mchimwene wake womuperekeza. Zimadula, ndipo wopereka akaona ndalama zoyendetsera ntchito zakwera amadandaula. Koma ndalama imeneyo ndi imene imatsegula chitseko cha mayi wamasiye.

Kufunika kwa zimenezi kunaonekera pa zivomezi. Cha ku Herat chinachitika masana, amuna ali kunja, ndipo ambiri mwa akufa anali amayi ndi ana amene anali m'nyumba zadothi. Ku Kunar vuto lalikulu linali kuchepa kwa madokotala ndi anamwino aakazi oti athandize amayi ovulala.

Ndingadziwe bwanji bungwe loona ndi la akathyali?

Musatumize ndalama ku nambala ya foni ya munthu chifukwa cha kanema wa pa Facebook kapena WhatsApp. Zithunzi zomwezo zimazungulira chaka ndi chaka ndi maina osiyanasiyana. Bungwe loona limakhala ndi nambala yolembetsera ku dziko lake. Amene muli ku Britain mukhoza kuifufuza ku Charity Commission n'kuona malipoti a ndalama a chaka chilichonse, amene muli ku South Africa funsani nambala ya NPO.

Kenako afunseni mafunso awa, ndipo mvetserani ngati akuyankha molunjika: mumagwira ntchito m'chigawo chiti? Muli ndi antchito anu komweko kapena mumadutsira kwa ena? Muli ndi akazi amene amapita kukaona mabanja? Mayi wopanda tazkira mumamulemba bwanji? Bungwe likakuuzani kuti ndalama yanu yonse, tambala iliyonse, imafika kwa mwana, funsani kuti mafuta a galimoto amalipira ndani. Ndipo likamaonetsa nkhope, dzina ndi mudzi wa mayi wamasiye pa intaneti, dziwani kuti likumuika pa ngozi.

Mabungwe ena amene akugwira ntchito kumeneko timawadziwa kale chifukwa ku Malawi aliko: Save the Children, CARE, World Vision, Islamic Relief. Palinso HALO Trust imene yakhala ikuzula mabomba kuyambira 1988, chipatala cha Emergency ku Kabul chothandiza ovulala, ndi malo a Red Cross opangira miyendo ndi manja oikirira.

Kodi zakaat yanga ingapite kumeneko? Nanga ine amene si Msilamu?

Zakaat, gawo la 2.5 pa 100 la chuma chimene chakwana mlingo ndipo chatha chaka, imapita kwa magulu 8 otchulidwa mu Qur'an. Oyamba ndi osauka ndi osowa, ndipo mayi wamasiye wopanda chuma ndi ana ake amalowa pamenepo. Masheikh ambiri amati ndi bwino kuyambira kwa osauka apafupi, koma amalola kutumiza kutali kumene vuto lakula. Onetsetsani kuti bungwelo limasunga zakaat padera ndi zopereka zina. Akhristu nawonso sakusowa powerenga: Yakobo 1:27 imaika kusamala ana amasiye ndi akazi amasiye pakati penipeni pa chipembedzo. Pogawa ufa safunsa kuti wopereka amapemphera kuti.

Kwathu kuno kuli amasiye ambiri. Tithandize akutali bwanji?

Ngati muli ndi mwana wa malemu mchemwali wanu amene akusowa fizi, yambani ndi iyeyo, ndipo musadziimbe mlandu. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasiya amasiye ambiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe amene mpaka pano sanaime bwino. Komanso ndalama zakunja zikusowa m'Malawi, ndiye kwa ambiri kutumiza madola n'kosatheka. Nkhaniyi ikukhudza kwambiri amene ali ku Leicester, Johannesburg kapena kwina kumene angathe kupereka mbali ziwiri.

Koma tisaiwale kuti nkhondo ya ku Mozambique itakula, Malawi inasunga othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni, ku Nsanje, Dedza, Ntcheu ndi kwina, ndipo chimanga chimene ankadya chinkalipiridwa ndi anthu amene sankadziwa n'komwe kuti Nsanje ili kuti. Pa njala ya 2002 zinalinso choncho kwa ife eni. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mnzakoyo nthawi zina amakhala kutsidya la nyanja.

Kodi zinthu zikupita kwabwino?

Thandizo likuchepa pomwe ofuna thandizo akuwonjezeka. Mu 2023 WFP inachotsa anthu 10 miliyoni pa mndandanda wa olandira chakudya chifukwa ndalama zinaperewera. Mu 2025 dziko la America, limene linkapereka gawo lalikulu kuposa onse, linadula thandizo lake, ndipo zipatala zing'onozing'ono mazanamazana za m'midzi zinatsekedwa. Alimi amene ankadalira mbewu ya opiamu, imene a Taliban anailetsa mu Epulo 2022, ambiri sanapeze china cholowa m'malo mwake chopindulitsa mofanana.

Pa nthawi yomweyo Pakistan, kuyambira kumapeto kwa 2023, ndi Iran akhala akubweza anthu a ku Afghanistan. Mu 2025 mokha anabwerera oposa 2 miliyoni, kudzera pa zipata za Torkham, Spin Boldak ndi Islam Qala. Ena anabadwira kunja ndipo dzikolo akuliona koyamba. Ena mwa amuna obwezedwawo ndi amene ankatumizira alongo awo amasiye kandalama mwezi ndi mwezi kuchokera ku maganyu a zomangamanga ku Tehran kapena ku Karachi. Lero afika pakhomo pa mlongo yemweyo ndi akazi awo, ana awo ndi mtolo wa zofunda, ndipo onse akudya pa thumba limodzi la ufa lija.